Gogo wa ku Guangzhou ndi funso loti ndi anthu angati amalankhula Chitchaina

Azakhali anga ali ndi shopu ya nsalu ndi makatani ku Limbe, ndipo katundu amakaoda okha ku Guangzhou, mzinda wa kumwera kwa China. Maso atayamba kuwavuta anandipempha kuti ndiwaperekeze, ndizikawawerengera malisiti komanso kuwasungira pasipoti ndi ndalama. Sindinazengereze. Pa nthawiyo n'kuti ndikuphunzira Chitchaina madzulo ndikaweruka kuntchito, ndipo mtima unali dyokodyoko kuti ndikachilankhule ndi eni ake.

Mphunzitsi wathu anali ndi mawu amene ankatilimbitsa nawo mtima tikatopa ndi zilembo zovuta zija. Ankati: "Limbikirani, mukachidziwa chilankhulochi mudzatha kucheza ndi munthu mmodzi pa anthu asanu ndi mmodzi alionse padziko lapansi." Mawuwo ndinapita nawo ku China, ndipo mumsika wansalu wa Zhongda anaoneka kuti ndi oona. Ogulitsa ankandimva, ine ndinkawamva. Azakhali sankafuna n'komwe womasulira pa nkhani ya mtengo. Iwo amanenerera ndi kalikyuleta: wogulitsa alemba nambala yake, iwo afufuta n'kulemba yawo, mpaka agwirizana.

Kamalo kodyera

Tsiku lina titamaliza kupakiritsa katundu, tinalowa m'kamalo kodyera kuseri kwa msewu waukulu. Munali matebulo ochepa. Mwini wake anali mayi wachitsikana ndithu, yemwe ankaphika yekha n'kumaperekeranso yekha. Pakona panakhala gogo wina akusadzula ndiwo zamasamba, ndipo pambali pake kamtsikana ka zaka ngati zisanu ndi ziwiri kankalemba ntchito ya kusukulu.

Gogoyo anayamba kulankhula ndi mwanayo. Ndinatchera khutu monga ndinkachitira paliponse, kufuna kutolako mawu awiri atatu. Sindinatolepo ngakhale limodzi. Mawu ake ankakwera ndi kutsika mwa mtundu wina, ndipo ambiri ankathera mwadzidzidzi, mosiyana ndi zimene tinkaphunzira. Analankhula nthawi yaitali, akumwetulira, manja akusonyeza uku ndi uku. Zinkaoneka kuti akusimba nkhani inayake yakale.

Mwanayo anadzutsa mutu n'kuyankha, ndipo zimene ananena ndinazimva zonse bwinobwino: "Agogo, sindikumva zimene mukunena."

Mayi ake anatulukira kukhitchini ali ndi mbale m'manja, n'kumufotokozera mwanayo mwachidule m'Chitchaina chimene ine ndinkaphunzira chija. Mwanayo anagwedeza mutu n'kubwerera ku kope lake. Gogo sanapitirize nkhaniyo. Anawerama n'kuyambanso kusadzula ndiwo zake.

Azakhali sadziwa Chitchaina, koma anaona zonse. Anandikodola n'kufunsa chapansipansi: "Iwe, gogoyu wagwa nkhope. Mwanayo wamuuza chiyani?" Nditawauza, anakhala kaye chete. Kenako anati: "Si mmene unkachitira iwe ndi agogo ako a ku Rumphi?"

Mayi uja atabweretsa tiyi, ndinamufunsa mwaulemu. Anati mayi ake amalankhula Chikantonizi, chilankhulo cha eni mzindawo. Mwamuna wake ndi wa ku chigawo china, cha Hunan, ndiye panyumba awiriwo amalankhulana Chimandarini, mtundu wa Chitchaina umene ife tinkaphunzira. Kusukulu ndi Chimandarini, pa TV ya ana ndi Chimandarini, pa foni ndi Chimandarini. Mwanayo amamva akauzidwa kuti idya, samba, kagone. Nkhani ikatalika, watayika.

Chimene chinandikhala pamtima n'chakuti ine mlendo wochokera ku Limbe ndinamumva mwanayo, pamene iye sanawamve agogo ake obereka mayi ake. Ndipo onse awiri, gogo ndi mdzukulu, ali m'gulu la anthu amene timawawerenga kuti amalankhula "Chitchaina".

Nambala zake

Nditabwerera kunyumba ndinayamba kufufuza nambala ija. Kalembera wa 2020 anapeza anthu 1.41 biliyoni ku China. Anthu amene anayamwira Chitchaina cha mtundu uliwonse, padziko lonse, alipo pafupifupi 1.3 biliyoni. Apa mphunzitsi wathu sananame.

Koma nambalayo ndi mtolo wa zilankhulo zingapo. Chachikulu ndi Chimandarini, chimene anthu oposa 900 miliyoni anabadwa nacho, makamaka kumpoto, pakati ndi kumwera chakumadzulo kwa dzikolo. Palibe chilankhulo china padziko chimene chili ndi eni ake ochuluka chonchi. Chisipanishi, chomwe ndi chachiwiri, chili ndi pafupifupi theka la nambalayi. Mukaphatikiza amene anachita kuchiphunzira, olankhula Chimandarini amapitirira 1.1 biliyoni.

Otsalawo si ochepa. Chikantonizi cha gogo uja chili ndi anthu oposa 80 miliyoni ku Guangdong, Guangxi, Hong Kong, Macau ndi m'mayiko akunja. Chilankhulo cha Wu, cha ku Shanghai ndi madera ozungulira, chilinso chapomwepo. Zilankhulo za Min, za ku Fujian, Taiwan ndi Hainan, zili ndi anthu oposa 70 miliyoni, ndipo mwa izo zokha muli zina zosamvana. Palinso Hakka, Xiang ya ku Hunan ndi Gan ya ku Jiangxi. Chilichonse mwa zimenezi chili ndi anthu ambiri kuposa Amalawi tonse. Boma la China limazitcha malankhulidwe a m'madera a chilankhulo chimodzi. Akatswiri ambiri a zilankhulo amati ndi zilankhulo zapachibale koma zosiyana, monga mmene Chichewa chilili ndi Chizulu: mizu ndi imodzi, koma wa ku Dedza akafika ku Durban sangamve ulaliki.

Chimene chimazimanga pamodzi ndi kulemba. Munthu wa ku Beijing ndi wa ku Guangzhou akhoza kuwerenga nyuzipepala imodzi, ngakhale aliyense atatchula zilembozo mwa kwawo. Ngakhale apanso pali kusiyana: ku China ndi ku Singapore amagwiritsa ntchito zilembo zofupikitsidwa, pamene ku Taiwan, Hong Kong ndi Macau asungabe zakale.

Ndipo tisaiwale kuti m'China muli mitundu ina 55 imene boma limaizindikira kupatula a Han, omwe ndi mtundu waukulu wa dzikolo. A Uyghur, a ku Tibet, a Mongol ndi a Zhuang ali ndi zilankhulo zawo zomwe si Chitchaina n'komwe.

Chiwerengerochi chinachita kuwumbidwa

Poyamba ndinkaganiza kuti Chimandarini chinafala chokha chifukwa eni ake ndi ambiri. Ayi ndithu. Chimandarini cha kusukulu, chimene iwo amachitcha Putonghua, ndi ntchito ya boma, ndipo anthu amene anaona ikuyamba adakali moyo.

Mu 1955 kunachitika msonkhano umene unagamula kuti chilankhulo cha dziko lonse chitsatire katchulidwe ka ku Beijing. Mu 1956 boma linalamula kuti chifalitsidwe m'sukulu, pa wailesi ndi kuusilikali, ndipo chaka chomwecho linatulutsa zilembo zofupikitsidwa zoyamba. Mu 1958 kunabwera Pinyin, njira yolembera katchulidwe ka mawu ndi zilembo zathuzi, yomwe ndi imene mlendo aliyense amayambira. Mu 2001 linayamba kugwira ntchito lamulo lonena kuti Putonghua ndiye chilankhulo cha m'sukulu, m'maofesi a boma ndi pa wailesi.

Ngakhale zinali choncho, ulendo unali wapang'onopang'ono. Cha m'ma 2000, kafukufuku wa boma anapeza kuti anthu 53 okha pa 100 alionse ndi amene ankatha kulankhula Putonghua. Mu 2013 unduna wa zamaphunziro unanena poyera kuti anthu pafupifupi 400 miliyoni sankachilankhula. Pofika 2020 chiwerengero cha ochilankhula chinali chitapitirira pang'ono 80 pa 100. Taganizani: m'zaka makumi awiri zokha, anthu mamiliyoni mazanamazana analowa m'chilankhulo chimene makolo awo sankachilankhula kunyumba. Atsogoleri enieniwo sanali eni ake. Mao Zedong ankalankhula ndi lilime lolemera la ku Hunan, Deng Xiaoping la ku Sichuan. Xi Jinping, wobadwira ku Beijing mu 1953, ndi amene anthu amati amachilankhula monga cha m'buku.

Sindikufuna kunamizira kuti zonsezi zinali zoipa. Mu 1949 anthu ambiri a ku China, pafupifupi 80 pa 100, sankadziwa kuwerenga. Kalembera wa 2020 anapeza kuti osadziwa kuwerenga safika atatu pa 100. Mnyamata wa ku Sichuan atha kukwera sitima kukagwira ntchito mufakitale ku Shenzhen n'kumvana ndi kapitawo wa ku Henan. Mumsika wa Zhongda momwemo ogulitsa ambiri si a ku Guangzhou. Anachokera ku Hubei, ku Hunan ndi kwina, ndipo chimene chimawagwirizanitsa ndi Putonghua. Popanda chimenecho, geni ya azakhali anga bwenzi ili yovuta kwambiri. Banja la mayi wa kamalo kodyera kaja nalonso linatheka chifukwa cha chilankhulo chomwecho.

Koma mtengo wake walipidwa pakhomo, ndipo olipira kwambiri ndi agogo.

Anthu sanangokhala chete

Mu July 2010, mzinda wa Guangzhou ukukonzekera masewero a Asian Games, kunamveka maganizo oti TV ya mzindawo iwonjezere mapologalamu a Chimandarini m'malo mwa Chikantonizi. Khamu la anthu, ambiri achinyamata, linasonkhana pa siteshoni ya sitima yapansi ya Jiangnanxi kudzateteza chilankhulo chawo. Siteshoniyi ili m'dera la Haizhu, momwenso muli msika wathu wansalu. Ku Hong Kong, komwe anthu pafupifupi 9 pa 10 alionse amalankhula Chikantonizi kunyumba, ena anachitanso zionetsero zogwirizana nawo. Mu 2020 makolo a ku Inner Mongolia anakana kutumiza ana kusukulu boma litalamula kuti maphunziro ena aziphunzitsidwa m'Chimandarini m'malo mwa Chimongoliya.

Ku Taiwan, dziko la anthu 23 miliyoni, kale boma la chipani cha Kuomintang linkapereka chilango kwa ana olankhula Hokkien (chimodzi mwa zilankhulo za Min zija) kapena Hakka pasukulu. Lero boma la kumeneko likuwononga ndalama kuyesa kudzutsa zilankhulo zomwezo, koma achinyamata ambiri anazolowera kale Chimandarini.

Nkhani ya ku Singapore ndi imene imandiganizitsa kwambiri. Makolo a anthu a mtundu wa Chitchaina kumeneko anabwera ndi Hokkien, Teochew, Chikantonizi ndi Hakka. Chimandarini sichinali cha pakhomo pawo. Mu 1979 nduna yaikulu ya dzikolo, Lee Kuan Yew, anayambitsa kampeni yoti onse azilankhula Chimandarini, ndipo zilankhulo zinazo zinachotsedwa pa wailesi ndi pa TV. Kampeniyo inatheka. Koma ana atasiya chilankhulo cha agogo, sanaime pa Chimandarini. Kalembera wa 2020 anasonyeza kuti Chingerezi ndicho chimalankhulidwa kwambiri m'nyumba za ku Singapore, pa 48 pa 100, pamene Chimandarini chili pa 30. Mwana akaphunzira kuti chilankhulo ndi chinthu chosankha potengera phindu, amasankhanso kachiwiri.

Za ku Rumphi zija

Mawu a azakhali anandilowa chifukwa anali oona. Bambo anga ndi a ku Rumphi, mayi ndi a ku Ntcheu, ine ndinakulira ku Blantyre. Tikapita kumudzi pa holide, agogo ankatikhazika pamphasa n'kuyamba kusimba m'Chitumbuka za makolo athu, za kumene anachokera, za amene anakwatira ndani. Ine ndinkamva moni ndi kuitanira chakudya basi. Bambo ankamasulira mwachidule, ziganizo ziwiri pa nkhani ya theka la ola. Agogo anamwalira ndi zotsalazo.

Tonse tikudziwa za 1968, pamene Chichewa chinasankhidwa kukhala chilankhulo cha dziko pambali pa Chingerezi, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ya MBC mpaka chinabwereranso mu 1994. Ine ndine mmodzi wa opindula ndi chisankho chimenecho. Ndikulemba m'Chichewa pano ndipo wa ku Nsanje, wa ku Karonga ndi wa ku Chipata andiwerenga. Sindingachinyoze. Koma wina akandifunsa kuti olankhula Chichewa alipo angati, nambala imene ndingamupatse muli ana a Alomwe a ku Thyolo ndi Angoni a ku Ntcheu amene zilankhulo za makolo awo zinazilala m'kamwa mwa agogo. Nambala yaikulu ya chilankhulo nthawi zambiri imakhala itameza nambala zina zing'onozing'ono. Ya Chitchaina yameza zazikulu zedi.

Chachikulu, koma cha pakhomo

Pali chinthu china chimene nambala ya mphunzitsi wathu sinkanena. Olankhula Chingerezi padziko alipo pafupifupi 1.5 biliyoni, koma eni ake obadwa nacho safika 400 miliyoni. Ena tonsefe tinachita kuchiphunzira: Amalawi, Amwenye, a ku Nigeria, a ku Philippines. Chitchaina ndi chosiyana. Pafupifupi onse ochilankhula ndi a ku China kapena zidzukulu za anthu ochokera kumeneko. Ngakhale pakati pa amene amawerengedwa kuti Chimandarini ndi chilankhulo chawo chachiwiri, ochuluka ndi nzika za China zomwe, ngati mayi wa kamalo kodyera uja.

Kunja kwa China, Taiwan ndi Singapore, gulu lalikulu lili ku Malaysia, komwe anthu a mtundu wa Chitchaina ndi oposa 6 miliyoni ndipo ali ndi sukulu zawo zapulaimale zophunzitsa m'Chimandarini. Ku Thailand ndi ku Indonesia zidzukulu za ochokera ku China ziliko mamiliyoni, koma ambiri amalankhula chilankhulo cha dzikolo; ku Indonesia, ulamuliro wa Suharto unatseka sukulu za Chitchaina kwa zaka zoposa 30. Ku United States, Chitchaina ndi chachitatu pa zilankhulo za m'nyumba, pambuyo pa Chingerezi ndi Chisipanishi, ndipo ochilankhula ndi oposa 3 miliyoni. Ku United Nations ndi chimodzi mwa zilankhulo zisanu ndi chimodzi zovomerezeka.

Ndiye "mmodzi pa asanu ndi mmodzi" uja sanamwazikane padziko lonse. Ambiri ali m'dziko limodzi. Ndipo dzikolo lasiya kukula: mu 2022 chiwerengero cha anthu a ku China chinatsika koyamba kuchokera mu 1961, ndipo mu 2023 India inalipitirira. Olankhula Putonghua apitiriza kuwonjezeka kwa kanthawi, chifukwa achikulire osachidziwa akutha ndipo ana onse akudutsa m'sukulu. Koma olankhula Chitchaina chonse pamodzi, nambala yawo ili pafupi ndi pachimake.

Kwa amene akufuna kuchiphunzira

Achinyamata amandifunsa ngati kuli koyenera. Ndimati inde, mosakayika. Kuchokera kumapeto kwa 2007, pamene boma la Bingu wa Mutharika linathetsa ubale ndi Taiwan n'kuyamba ndi Beijing, taona nyumba ya malamulo ku Lilongwe, bwalo la Bingu National Stadium, yunivesite ya MUST ku Thyolo ndi msewu wa Karonga mpaka Chitipa. M'ntchito zoterezi mumakhala makontirakiti, malipiro, madandaulo a ogwira ntchito ndi milandu. Zimandipweteka kuti pa zokambirana zotere womasulira azikhala wa mbali imodzi yokha. Tikufunika Amalawi odziwa kuwerenga pepala lolembedwa m'Chitchaina asanasaine, komanso otha kumva zimene zikukambidwa patebulo anthu akamaganiza kuti palibe akumva. South Africa inaika kale Chimandarini pa maphunziro osankha m'sukulu zake mu 2016.

Choti muphunzire ndi Chimandarini, palibe kukayika. Ndicho chidzakutsegulireni msika, ofesi ndi kalasi ya ku yunivesite. Mudzafunika zilembo pafupifupi 3,000 kuti muwerenge nyuzipepala, ndipo zimenezo sizilowa m'mutu ndi mwezi umodzi.

Koma mukakumana ndi munthu wa ku China, mufunseni kwawo. Funsoli amalikonda monga mmene ife timalikondera, ndipo yankho lake lidzakuuzani zambiri. Abale athu amene ali ku Johannesburg atha kuziona okha. Mabanja akale, amene makolo awo anafika kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 n'kukhazikitsa Chinatown yoyamba mu Commissioner Street, anachokera ku Guangdong ndi Chikantonizi, ndipo zidzukulu zawo zambiri lero zimalankhula Chingerezi. M'zaka za m'ma 1980 kunabwera a ku Taiwan kudzatsegula mafakitale a zovala m'matauni ngati Newcastle, ali ndi Chimandarini ndi Hokkien. Obwera posachedwa, amene mumawapeza ku Cyrildene ndi m'mashopu a m'matauni ang'onoang'ono, ambiri ndi a ku Fujian. Ndi kasitomala amayesa Chingerezi kapena Chizulu, ndi mnzawo wa kuchigawo china amalankhula Putonghua, koma akaimbira foni mayi awo kumudzi amalowa m'chilankhulo chimene ngakhale mphunzitsi wanu wa ku Beijing sangachimve.